Timagetsi ta m'mavazi: kabatire kake kangaphe mwana

Pa maukwati ndi pa zinkhoswe masiku ano, okongoletsa holo ambiri asiya makandulo. Patebulo amaikapo vazi yagalasi, mkati mwake n'kupindapindamo kawaya kopyapyala kokhala ndi timababu ta LED ting'onoting'ono. Dzuwa likalowa, galasi lonse limawala mofatsa, popanda chingwe chopita kukhoma. Anthu atengera zimenezi kunyumba, ndipo zimathandiza magetsi akathima. Timababuti sititentha, choncho nsalu ya patebulo kapena katani sizingagwire moto monga zimachitira ndi kandulo. Mpaka apa zonse zili bwino.

Chimene ambiri sayang'ana ndi kabokosi kapulasitiki kolendewera kumapeto kwa waya, kamene amakabisa pansi pa maluwa. M'menemo nthawi zambiri mumakhala timabatire tiwiri tozungulira, taphwatalala, tonyezimira ngati khobidi latsopano, tolembedwa CR2032. Kalikonse n'kotambalala mamilimita 20, kuchindikala mamilimita 3.2, ndipo kali ndi mphamvu ya mavolti 3. Zivundikiro za timabokosi totsika mtengo zimangotsetsereka ndi chala. Mwana wokwawa akapeza kabatire pansi, kamapita m'kamwa.

Anthu ambiri amaganiza kuti choopsa n'chakuti batire limaphulikira m'mimba ndi kutulutsa asidi. Nkhani yake si imeneyo. Kabatire kokula chonchi kamakakamira m'njira ya chakudya ya mwana wamng'ono, kasanafike n'komwe m'mimba. Malovu ndi chinyezi cha kummero zimalumikiza mbali zake ziwiri, magetsi n'kuyamba kuyenda kudutsa m'mnofu. Magetsiwo amaphwanya madzi, ndipo kumbali ya negetivu kumapangika hydroxide, mankhwala a gulu limodzi ndi soda waukali uja amapangira sopo. Mankhwala amenewa amasungunula mnofu pang'onopang'ono, akumalowerera mkati. Kabatireko kamakhala kabwinobwino, kosabooka, koma pamene kakhudza pamapsa. Madokotala amaphunzitsa zimenezi poika kabatire pakati pa tizidutswa tiwiri ta nyama yonyowa. Pakapita kanthawi nyamayo imayamba kuchita thovu, kenako imada mozungulira potsata mphepete mwa batire. Kummero kwa mwana chilonda chachikulu chikhoza kupangika m'maola awiri okha. Chikapitirira chimaboola mpaka kunjira ya mpweya, kapena kumtsempha waukulu wochokera kumtima umene umadutsa pafupi pomwepo. Ana ena atayapo magazi mwadzidzidzi patapita masiku ngakhale masabata batire litachotsedwa kale, chifukwa mnofu wopsawo unali kuwonongekabe.

N'chifukwa chake mawu akuti "musadandaule, katuluka ndi chimbudzi" amapweteketsa. Inde, ndalama yachitsulo nthawi zambiri imatuluka yokha, koma batire si ndalama. Ena amathamangira kumwetsa mwana mkaka kapena mafuta ophikira, ena kumupisa chala kukhosi kuti asanze. Zonsezi n'kutaya nthawi, ndipo kusanzitsa kungawonjezere ngozi ina pamwamba pa ija ilipo kale. Bodza lina ndi lakuti batire lotha mphamvu silivulaza. Timababu tikazilala, m'batiremo mumakhala mutatsalabe mphamvu yokwanira kuotcha mnofu. Ndipo mabatire otha mphamvuwa ndiwo timawasiya pawindo kapena kuwataya kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera.

Chovuta china n'chakuti kawirikawiri palibe amene waona mwana akumeza. Amangoyamba kuchucha dovu, kukana phala, kutsokomola, kusanza, nthawi zina kutentha thupi, ndipo aliyense amati ndi chimfine. Pa chithunzi cha ekisire batire limaoneka ndi mizere iwiri yozungulira, pamene ndalama imaonetsa umodzi, koma chithunzicho chimajambulidwa pokhapokha wina atakayikira.

Maiko ena anafika pokhazikitsa malamulo. Ku Australia, kuyambira mu June 2022, katundu wogwiritsa ntchito timabatire totere ayenera kukhala ndi kabokosi koti mwana sangatsegule. Ku America lamulo lotchedwa Reese's Law linasainidwa mu August chaka chomwecho, ndipo linatenga dzina la kamtsikana ka miyezi 18 ka ku Texas kamene kanamwalira mu 2020 katameza batire la rimoti. Kampani ya Duracell inayamba kupaka mankhwala owawa pa ena mwa mabatire ake kuti mwana akalawa alavule. Timagetsi tambiri togulitsidwa pamsika tilibe chitetezo chilichonse mwa zimenezi.

Mukakayikira kuti mwana wameza batire, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene mawu akuti batire pakhomo penipeni. Akatswiri a National Capital Poison Center ku Washington amalangiza kuti mwana wopitirira chaka chimodzi, ngati sipanathe maola 12 chimezereni batire, apatsidwe uchi timasupuni tiwiri mphindi 10 zilizonse, osapitirira kasanu ndi kamodzi, ali m'njira. Uchi umangochedwetsa kupsako, suchotsa batire, ndipo khanda losakwana chaka lisapatsidwe.

Inu okongoletsa maholo ndi inu makolo, gulani timagetsi tokhala ndi kabokosi komanga ndi sikuluwu kapena totchaja pa USB, ndipo phwando likatha werengani mabatire anu ana asanayambe kutolera zotsala pansi.