Chikhodzodzo Pambuyo pa Kuvulala Msana: Zomwe Mabanja ndi Azaumoyo ku Katuli Ayenera Kudziwa

Munthu akavulala mtsempha waukulu wa mu fupa la msana, achibale ambiri amafunsa ngati adzayendenso. Koma chomwe chimafupikitsa moyo wa odwala ambiri otere ndi vuto la chikhodzodzo ndi impso, pamodzi ndi zilonda zobwera chifukwa chogona malo amodzi. Mu lipoti lake la 2013, bungwe la World Health Organization linati anthu pakati pa 250,000 ndi 500,000 amavulala msana chaka chilichonse padziko lonse. Ku Malawi, zifukwa zodziwika ndi ngozi za pamsewu, kugwa mumtengo komanso TB ya m'mafupa a msana. Ku Mangochi kuli chinanso: likodzo, lomwe limawononga chikhodzodzo ndipo nthawi zina mazira ake amafika mpaka mu msana.

Chikhodzodzo chimalandira mauthenga ochokera ku ubongo kudzera mu msana. Njirayi ikaduka, munthu samva kuti mkodzo wadzadza. Mwa ena chikhodzodzo chimafinya chokha, mkodzo n'kumatuluka mosadziletsa. Mwa ena chimalefuka, mkodzo n'kumatsalira. Mkodzo wotsalira umaswetsa tizilombo, umapanga timiyala, ndipo ukabwerera m'mwamba umawononga impso pang'onopang'ono.

Njira yomwe akatswiri amalimbikitsa kwa ambiri ndi kulowetsa kapaipi kotchedwa catheter, kuchotsa mkodzo wonse, kenako kukatulutsa. Dokotala Ludwig Guttmann anakhazikitsa njirayi pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England, komwe anayamba ntchito mu 1944. Mu 1972, Jack Lapides wa ku America anaonetsa kuti wodwala angathe kuchita yekha kunyumba, bola asambe m'manja ndi sopo ndipo kapaipi kakhale kaukhondo. Izi zimachitika maola 4 mpaka 6 aliwonse, kuti mkodzo usapitirire mamililita 500. Amene manja sagwira, kapena alibe womuthandiza, amaikidwa catheter yokhalitsa, yomwe iyenera kusinthidwa pa nthawi yomwe achipatala anena.

Cholakwika chomwe chimaoneka kawirikawiri ndi kuchepetsa madzi akumwa poopa kunyowetsa zofunda. Kutero kumawonjezera matenda. Wamkulu amafunika malita 1.5 mpaka 2 patsiku, kumwa pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzulo.

Zizindikiro zoopsa ndi kutentha thupi, kunjenjemera, magazi mu mkodzo, kapena mkodzo kusiya kutuluka. Kwa amene anavulala m'khosi kapena kumtunda kwa msana, chikhodzodzo chodzadza chimatha kukweza BP mwadzidzidzi: mutu umaphwanya, thukuta limatuluka kumaso. Apa wodwala amukhazike tsonga, ammasule zovala zothina, aone ngati kapaipi kapindika kapena katsekeka, ndipo athamangire naye kuchipatala.

Vuto la Katuli ndi mtunda. Derali lili kumapiri, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo misewu imavuta nyengo ya mvula. Wovulala amadutsa pa chipatala chachikulu cha boma la Mangochi, ena n'kutumizidwa ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kulinso Kachere Rehabilitation Centre. Zophunzira kumeneko zimagwira ntchito pokhapokha ngati kumudzi kuli sopo, madzi abwino, malo obisika ndi macatheter osinthira.

Choncho pali zinthu zitatu zofunika. Choyamba, womusamalira aphunzitsidwe ndi kuyeserera wodwala asanatuluke m'chipatala, m'Chiyao ngati ndicho chilankhulo cha pakhomo. Chachiwiri, chipatala chaching'ono cha m'deralo chidziwitsidwe za wodwalayo kuti chizisunga zipangizo zake, ndipo alangizi a zaumoyo azimuyendera. Chachitatu, magazi mu mkodzo asangotengedwa ngati bala la catheter. Wodwala ayezedwe likodzo, lomwe limachizika ndi praziquantel.

Chikhodzodzo chikasamalidwa bwino, impso zimatetezeka, fungo la mkodzo limatha, ndipo munthu amatha kupita kumsika, kumzikiti kapena kutchalitchi popanda manyazi.