Mafuta Otha Ntchito Ayendetsa Galimoto

Mafuta ophikira akakazingira mandasi, zitumbuwa kapena nsomba kambirimbiri, amada ndi kuyamba kununkha. Mafuta otere sayeneranso kudyedwa chifukwa amaononga thupi. Komabe kuwataya nako kuli ndi zovuta zake. Akathiridwa mumtsinje amayandama ndi kuipitsa madzi. Akathiridwa m'mipope ya madzi oipa amaundana ndi kutseka njira.

Zoterezi zidachitika mumzinda wa London m'chaka cha 2017. Kudera la Whitechapel, chimulu cha mafuta oundana pamodzi ndi zinyalala, cholemera matani 130, chidatseka ngalande ya pansi pa nthaka. Antchito adavutika milungu ingapo kuti achichotse. Ena mwa mafutawo adawatumiza ku fakitale kumene adakasanduka dizilo.

Kodi mafuta a m'chiwaya angasanduke bwanji dizilo? Mafuta ophikira ndi olimba kuposa dizilo, motero sapsa bwino mu injini. Kuti apepuke, akatswiri amayamba awasefa kuti nyenyeswa za chakudya zichoke. Kenaka amawatenthetsa kuti madzi onse aume. Atatero amawasakaniza ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa methano, pafupifupi lita imodzi pa malita asanu a mafuta.

Ziŵirizi pazokha zimachedwa kwambiri kugwirizana. Nchifukwa chake pamafunika chinthu chachitatu chotchedwa chofulumizitsa. Monga mmene chidulo chimathandizira ndiwo kufeŵa msanga, chofulumizitsa chimathandiza kuti ntchito ya masiku ambiri ithe mwamsanga. Icho sichisanduka dizilo ayi. Ntchito yake ndi kufulumizitsa basi. Kaŵirikaŵiri amagwiritsa ntchito soda waukali wopangira sopo. Akatswiri ena apeza kuti phulusa ndi zikamba za mazira zootcha pamoto waukulu nazonso zimagwira ntchitoyi.

Zonsezi amazitakasa kwa ora limodzi kapena aŵiri pa kutentha kwa madigiri 60, kenaka amazisiya kuti zidikhe. Pansi pamadikha giliserini, amene akayeretsedwa amapangira sopo ndi mafuta odzola. Pamwamba pamayandama dizilo. Diziloyo amamutsuka ndi madzi, kumuumitsa, ndipo amakhala wokonzeka kuyendetsa mabasi, malole ndi zigayo. Utsi wake ulibe mwaye wambiri ngati wa dizilo wa pansi pa nthaka.

Ntchito imeneyi si ya ana ndiponso si yochitira kukhitchini. Methano ndi poizoni amene amachititsa khungu ngakhale kupha kumene, ndipo soda waukali amatentha thupi. Mbali ya pabanja ndi yosunga mafuta otha ntchito m'botolo lotseka bwino, m'malo mowathira m'ngalande kapena mumtsinje.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani mafuta otha ntchito sayenera kuthiridwa m'mipope?
2. Kodi chidachitika nchiyani ku Whitechapel m'chaka cha 2017?
3. Fotokozani ntchito ya chofulumizitsa.
4. Tchulani zinthu ziŵiri zopangidwa ndi giliserini.