Njinga zakale zamagiya: ndalama yobisala m'dzimbiri

Pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lirangwe, komanso m'misika monga ya ku Chileka ndi pa Chadzunda, sipasowa munthu amene wagadamitsa njinga, sipanala ili m'manja. Zambiri mwa njingazo ndi zija zazitali zonyamulira katundu ndi zakabaza. Koma pambali pamakhala mulu wina wa mafelemu afupiafupi, okhala ndi matayala onenepa ndi magiya omwe adasiya kalekale kugwira ntchito.

Anthu ambiri amaudutsa muluwo ngati zitsulo zongodikira ogula sikirapu. Wodziwa ntchito amaona mpamba. Njinga zamtunduwu, zomwe kunja amazitcha mountain bike, zikakonzedwa mwaluso zimabwereranso pamsewu ndi kukhala zaka zambiri. Koma bizinesi yake ili ndi mbuna: felemu imodzi yogula mosayang'ana bwino imatha kumeza phindu la njinga zitatu.

Zimachokera kuti?

Njingazi zidabadwira ku Marin County m'chigawo cha California ku America m'zaka za m'ma 1970, pomwe achinyamata monga Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly ankatsetsereka m'mapiri pa njinga zakale zomwe ankazikonza okha. Mu 1981 kampani ya Specialized idatulutsa Stumpjumper, imodzi mwa njinga zoyamba zamtunduwu kupangidwa zambirimbiri kufakitale. Pofika m'ma 1990 makampani ngati Trek, Giant ndi Raleigh adali atadzaza nazo misika ya ku Ulaya ndi ku America.

Zambiri za nthawi imeneyo zidapangidwa ndi chitsulo cholimba koma chopepuka, chomwe pafelemu amachilemba kuti Cr-Mo kapena 4130, ndipo mawilo ake ndi a mainchesi 26. M'zaka za m'ma 2010 okwera njinga m'maiko olemera adatembenukira ku mawilo a 27.5 ndi 29, choncho za 26 zija zidasanduka zachikale. Zina zidaperekedwa ku mabungwe, zina zidalowa m'makontena a katundu wa kaunjika.

Ku Malawi kuno zimafika m'njira zingapo. Bungwe la Africycle la ku Canada lidadziwika ndi ntchito yobweretsa njinga zogwiritsidwapo kale ntchito ku Zomba, n'kuzikonza ndi kuzigulitsa. Zina zimabwera ndi anthu obwerera kuchokera ku Joni, omwe mabasi awo amalowera pa Mwanza n'kudutsa pa Zalewa ndi Lirangwe popita mumzinda wa Blantyre. Zinanso zili m'makhonde ndi m'nkhokwe za m'midzi, eni ake atazitaya mtima kaamba ka giya imodzi yothyoka.

Chomwe chakweza bizinesiyi ndi mtengo wa njinga zatsopano. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Njinga ndi zipangizo zake zambiri zimachokera ku India ndi ku China, ndiye kwacha ikagwa mitengo yake imakwera nthawi yomweyo. Munthu amene kale akadagula yatsopano, lero amayamba wafunsa yokonzedwa.

Ndalama ili pafelemu

Tayala, tcheni ndi chishalo zimagulidwa m'sitolo. Felemu yabwino siipezeka wamba, ndipo ndi imene wogula ayenera kuitayira nthawi.

Choyamba ndi kudziwa ngati ndi yachitsulo kapena ya aluminiyamu. Kamaginito kochotsa m'sipika ya wailesi yakufa kamakwanira: kakamatirira, ndi chitsulo. Izi n'zofunika chifukwa felemu yachitsulo ikang'aluka, wowotcherera wa pamsika akhoza kuilumikiza. Ya aluminiyamu imafuna makina apadera, ndipo ikawotchereredwa chisawawa imathyokanso pafupi ndi chilondacho, mwina munthu ali pamtsetse.

Chachiwiri ndi kuyang'ana kunsi kwa mapaipi awiri omwe amakumana kuseri kwa foloko. Penti yochita makwinya kapena kachithuza pachitsulo pamenepo ndi umboni woti njingayo idagunda chinthu ndi kutsogolo. Felemu yotero imakokera mbali imodzi poyenda, ndipo palibe penti yomwe ingachize zimenezo.

Chachitatu ndi chingwe. Munthu amamanga ulusi pomwe pamalowa ekiselo yakumbuyo mbali imodzi, kuuzunguliza kupaipi yakutsogolo, n'kuubweza mbali inayo. Mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo uyenera kufanana uku ndi uku. Ukasiyana kwambiri, felemuyo ndi yopindika.

Chomaliza ndi paipi yonyamula chishalo. Wogula amasule bawuti n'kuona ngati ikutembenuka. Paipi ya aluminiyamu ikakhalitsa m'felemu yachitsulo popanda girisi imamatirira ngati yawotchereredwa, ndipo kuichotsa kumatha kudya tsiku lathunthu, pena felemu n'kuonongekeratu. Dzimbiri lapamwamba lisaopse munthu, limachoka ndi sandipepala. Loopsa ndi lomwe ladya chitsulo mpaka kuboola, makamaka kunsi komwe madzi amakhazikika.

Zipangizo zomwe zimapusitsa ambiri

Tayala lolembedwa 26 silikhala limodzi. La njinga zamagiyazi limalembedwa 26 x 1.95 kapena 26 x 2.125, ndipo pambali pake pali nambala 559. Lina limalembedwa 26 x 1 3/8 ndi nambala 590, lomwe limapezeka panjinga zambiri zochokera ku Japan. Awiriwa salowana limu. La njinga zazitali zakabaza ndi 28 x 1 1/2, nambala yake 635. Wopita kukapikula katundu ku Limbe kapena ku Ndirande awerenge nambala ya manambala atatuyo, apo ayi ndalama ya minibasi ilipiridwa kawiri.

Tcheni nachonso chili pawiri. Chanjinga ya giya imodzi n'chachikulu m'mimba mwake, mainchesi 1/8, pomwe cha magiya 6, 7 kapena 8 kumbuyo ndi cha 3/32. Chachikulucho chikaikidwa panjinga yamagiya chimakhula mano oyandikana nawo ndi kumadumpha.

Kudziwa ngati tcheni chatha sikufuna makina, lula ya mwana wasukulu ikwanira. Patcheni chatsopano, kuchokera papini imodzi kukafika papini ya nambala 24 kutsogolo kwake ndi mainchesi 12 ndendende. Chikapitirira ndi theka la kamzere ka 1/8, nthawi yosintha yakwana. Chikapitirira ndi 1/8 yathunthu, pafupifupi mamilimita atatu, ndiye kuti chadyanso mano a fuliwilo, ndipo tcheni chatsopano chokha chizingodumpha. Pamenepo ziwirizi zimasinthidwa limodzi.

Pali mazinga awiri omwe aononga mafelemu ambiri m'manja mwa ophunzira ntchito. Pedulo yakumanzere imamasukira kumanja, ndipo panjinga zambiri zamtunduwu kapu ya mabelingi apakati ya mbali ya tcheni imamasukiranso kumanja. Woikakamiza ndi paipi yaitali kumbali yolakwika amapha mazinga a felemu yomwe waigula kumene.

Mabelingi ndi otsika mtengo koma ndiwo moyo wa njinga. Pamahabu ambiri akale, kumbuyo kumalowa timipira 9 ta 1/4 mbali iliyonse, kutsogolo 10 ta 3/16. Akale atayidwe onse, makapu atsukidwe ndi parafini, n'kuikamo girisi watsopano. Fumbi la m'misewu yadothi ya ku Chileka likasakanizika ndi girisi wakale limadya chitsulo ngati mchenga, choncho njinga yongothiridwa oyilo pamwamba imabwerera kwa mmisiri mwezi usanathe.

Magiya: kusunga kapena kuchotsa?

Amisiri ambiri akapeza chosinthira magiya chakumbuyo chitapindika amangochichotsa, kudula tcheni, njinga n'kukhala ya giya imodzi. N'zachangu komanso zotsika mtengo, koma pali zinthu ziwiri zofunika kuziganizira.

Choyamba, si felemu iliyonse yomwe imalola. Ngati polowa ekiselo yakumbuyo pali mpata wautali woti wilo likhoza kukankhidwira m'mbuyo, tcheni chimakungika bwino. Ngati ekiselo imangolowa choimirira popanda mpata, tcheni chimakhala cholendewera ndipo chimagwa pabampu iliyonse.

Chachiwiri, magiyawo ndiwo malonda. Amene akufuna njinga yotere ndi munthu wotopa ndi kutsika pachitunda chilichonse n'kumakankha. Yopanda magiya imapikisana ndi njinga wamba, pomwe yamagiya ogwira bwino imakhala ndi mtengo wakewake. Nzeru yosaboola m'thumba ndi kuika tizosinthira takale tija tokankha ndi chala chachikulu topanda kudumpha manambala. Timagwirizana ndi fuliwilo ya mano aliwonse ndipo sitichedwa kukonza. Zipangizo zakale zolembedwa Shimano, kampani ya ku Japan yomwe idayamba mu 1921, zisatayidwe msanga. Kawirikawiri zimangofuna kutsuka ndi waya watsopano, ndipo zimakhalitsa kuposa zatsopano zotchipa.

Mabuleki asanyengereredwe. Mawaya onse anayi, awiri a mabuleki ndi awiri a magiya, asinthidwe pamodzi ndi timphira togwira limu. Limu lomwe m'mbali mwake mwakumbika ngati supuni latha, ndipo likhoza kung'ambika tayala likapopedwa kwambiri.

Masamu a phindu

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Munthu akagula njinga yakufa n'kuigulitsa pamtengo wowirikiza katatu amaona ngati wapha makwacha, kuiwala zomwe zalowa pakati.

Nachi chitsanzo cha ziwerengero zongoyerekeza, poti mitengo yeniyeni ikusintha sabata ndi sabata. Njinga yagulidwa pa K60 000. Matayala ndi machubu adya K45 000, tcheni ndi fuliwilo K25 000, mawaya ndi timphira ta mabuleki K12 000, girisi ndi mabelingi K5 000, penti K10 000, ulendo wokagula zipangizo m'tauni K8 000. Zonse pamodzi ndi K165 000. Mmisiri akawerengera masiku ake awiri a ntchito pa K20 000, zafika K185 000. Ikagulitsidwa pa K200 000, phindu lenileni ndi K15 000, osati K140 000 yomwe imaoneka poyamba.

Masamuwa akuphunzitsa zinthu zitatu. Phindu limapangidwa tsiku logula, choncho wogula awerengeretu zofunika kusintha asanatchule mtengo. Ulendo wa m'tauni ukhale umodzi wa njinga zingapo, kapena amisiri awiri atatu asonkherane n'kutuma mmodzi. Ndipo njinga ya felemu yoonongeka ikapezeka motchipa siyotaya: mawilo, mahabu, mabuleki ndi zosinthira magiya zake zimadzutsa njinga zina ziwiri.

Penti ndi yofunika kusamala nayo. Dzina la Trek, Giant kapena Specialized likamaonekabe pafelemu, kulikwirira ndi penti yakuda n'kudzichotsera ndalama. Ogula ena amadziwa mainawa, ndipo penti yatsopano imawapatsa maganizo oti pali mng'alu womwe ukubisidwa. Kutsuka bwino ndi kupaka pokhapokha pomwe pachita dzimbiri kumakwanira.

Ogula ndi ndani?

Njingazi si zakabaza. Kumbuyo kwake n'kwakufupi, timabowo tomangira kaliyala tidapangidwira katundu wopepuka, ndipo panjinga za fuliwilo yomangira ndi mazinga ekiselo yakumbuyo imapindika ikalemedwa. Woigulitsa kwa munthu wonyamula matumba a chimanga wagula mkangano.

Msika wake ndi aphunzitsi, ophunzira a m'sekondale zoyendera, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, alonda ogwira ntchito m'tauni, komanso ogulitsa buledi, mandasi kapena ndiwo zamasamba. Awa amafuna njinga yopepuka, yokwera chitunda ndi yosaopa msewu wadothi.

Nyengo nayo ili ndi mawu. M'miyezi ya January ndi February, pomwe m'nkhokwe mwauma, njinga zakufa zimatsika mtengo. Ogula amachuluka anthu akakolola, kuyambira April mpaka July, komanso sukulu zikamatsegulira mu September. Wobwereka mpamba ku banki m'khonde aziwerengera miyezi imeneyi, chifukwa njinga yokhala pakhonde miyezi itatu osagulidwa chiwongola dzanja chimaidya ili chiimire.

Chenjerani ndi zakuba

Njinga yabwino yobwera madzulo pamtengo wozizira, mwini wake akucheukacheuka, ndi msampha. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo apolisi akaipeza amaitenga, ndalama ya zipangizo zonse n'kupita nayo limodzi.

Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa kunsi kwa felemu, pakati pa mapedulo. Mmisiri akhale ndi kope lolembamo nambalayo, tsiku, mtengo, dzina la wogulitsa monga lilili pachiphaso cha unzika, mudzi wake ndi mboni imodzi, kaya wa komiti ya msika kapena nyakwawa. Nambala ikakhala yopalidwa, njingayo isiyidwe.

Kope lomwelo limathandizanso pogulitsa. Kasitomala wopatsidwa lisiti ndi lonjezo loti abwere pakatha sabata ziwiri kudzakungitsa masipoko ndi mawaya mwaulere amabwereranso, ndipo kawirikawiri amabwera ndi mnzake. Pamalo ngati Lirangwe ndi Chadzunda, pomwe aliyense amadziwa mtengo womwe mmisiri amakhalapo, mbiri ya njinga imodzi yokonzedwa bwino kapena mwachinyengo imafika msika wonse dzuwa lisanalowe.