Munda wa chipata chokhoma

Mawu oti Paradaiso adachokera ku Perisiya, ndipo amatanthauza munda wozingidwa ndi mpanda. Pa Chiheberi amati pardes. Buku la Ayuda la Talmud limasimba za aphunzitsi anayi amene adalowamo: wina adafa, wina adapenga, wina adataya chikhulupiriro. Rabbi Akiva yekha ndiye adatuluka mumtendere.

Ku Spain, m'zaka za m'ma 1200, aphunzitsi a Kabbalah adati zilembo zinayi za mawuwa zikuimira njira zinayi zomasulira Malemba, yomaliza ndi ya zinsinsi. Nawonso ofuna kusandutsa mtovu kukhala golide adajambula munda wotere: m'buku la Michael Maier la 1617, munthu wopanda mapazi waima pachipata chokhoma.

Chondizizwitsa ine n'chakuti pa Luka 23:43, wolonjezedwa kulowamo tsiku lomwelo ndi wachifwamba wopachikidwa pamtanda.