Gitala ya sungura siifuna kumizidwa

Pa Makoni, ku Chitungwiza, phokoso silitha. Makombi akuitanira anthu opita ku Harare, amalonda akutsatsa, ndipo m'mabala masipika akulira sungura. Tauni imeneyi ndi kwawo kwa nyimbozi. Malemu John Chibadura, woimba sungura, ankakhala kuno. Gulu la Khiama Boys la Nicholas Zakaria, mwana wa makolo a ku Malawi, ndi limene linasula Alick Macheso, amene bambo ake anachokeranso ku Malawi, asanayambitse Orchestra Mberikwazvo ndi kutulutsa chimbale cha Magariro mu 1998.

Mnyamata wokulira pamalo ngati amenewa akagwira gitala, mtima wake umathamangira pa ma pedal, timabokosi toponda ndi phazi tomwe timakhala pakati pa gitala ndi ampulifaya. Kukhumba kumeneku n'kwabwino. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri amapotokola timabatani tonse mpaka kumapeto, nyimbo n'kusanduka phala.

Sungura imathamanga. Gitala ya lidi, ya rizimu ndi ya besi zimalankhulana, iliyonse ndi mawu ake, ndipo besi ya Macheso imaimba ngati lidi. Nsambo iliyonse iyenera kumveka payokha. N'chifukwa chake distortion, yomwe oimba rock amaikonda, kuno imangodetsa mawu. Zothandiza ndi compressor, yomwe imalinganiza nsambo yokhudzidwa pang'ono ndi yomenyedwa mwamphamvu; chorus, yomwe imanenepetsa mawu ngati magitala awiri akuimbira limodzi; ndi delay, yomwe imabwereza zimene mwaimba. Chorus ndi yakale ndithu: kampani ya Roland ya ku Japan inaiika mu ampulifaya ya JC-120 mu 1975, ndipo mu 1976 inatuluka payokha monga Boss CE-1.

Ndondomeko yolumikizira si nkhani yaing'ono. Chingwe chichoke ku gitala kupita ku tuner yochunira nsambo, kenako compressor, overdrive (yodetsa mawu pang'ono) ngati ilipo, chorus, ndipo delay ndi reverb (yomveketsa mawu ngati muli muholo) zikhale kumapeto. Mukaika delay patsogolo pa overdrive, mawu obwerezedwa aja amaphwanyidwa limodzi ndi atsopano. Ampulifaya zina kumbuyo kwake zili ndi mabowo awiri olembedwa send ndi return. Ngati ampulifayayo ikudzidetsa yokha mawu, delay ndi reverb zilowere m'menemo.

Delay ndiye imafuna masamu. Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo pa mphindi. Nyimbo ya kugunda 150 pa mphindi ikupatsani mamilisekondi 400, theka lake 200. Mukaphonya pamenepa, gitala yanu imakangana ndi ng'oma, ovina n'kusokonezeka mapazi. Kubwereza kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Ndipo muholo yaikulu ngati Aquatic Complex, yomwe inamangidwira masewera a All-Africa Games a 1995, makoma amabweza okha mawu, choncho reverb ichepetsedwe kwambiri.

Palinso za magetsi. Ma pedal ambiri amadya mavoti 9, ndipo pulagi yake imakhala ndi negetivu pakati. Adaputa yotchipa yogula pamsika ikakhala yotembenuza, ingathe kuwotcha bokosi lomwe munalisungira ndalama chaka chonse. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, kulira kwa "mmm" m'masipika kumakula, makamaka ngati ma pedal onse akuyamwa pa adaputa imodzi. Batire yapadera m'thumba la gitala yapulumutsa madansi ambiri.

Ine ndimati mnyamata ayambe ndi gitala yolowa mu ampulifaya mwachindunji, aphunzire kuphimba nsambo ndi chikhatho monga ankachitira Jonah Sithole potsanzira mbira m'gulu la Thomas Mapfumo. Zala zikazolowera, agule compressor kapena delay, imodzi yokha, aziimba nayo miyezi ingapo asanaganize zogula yachiwiri.