Zithunzi za ubongo zinaonetsa chimene chimapha ana pa malungo aakulu

Mvula ikagwa ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Zóbuè, makolo amakhala ndi nkhawa ziwiri: ya kumunda ndi ya malungo. Mwana amadzuka m'mawa thupi litatentha, masana wayamba kusanza, pofika madzulo wakomoka, maso atembenuka, kumuitana sayankha. Awa ndi malungo a mu ubongo, amene ambiri timati malungo aakulu. Kwa zaka zambiri madokotala ankadziwa kuti matendawa amapha, koma sankadziwa chenicheni chimene chimachitika m'mutu mwa mwana pa maola omaliza. Yankho lake linapezeka pafupi ndi kwathu kuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, mtunda woposa pang'ono makilomita 200 kuchokera pa mlatho wa Samora Machel kudzera ku Moatize ndi Zóbuè.

Mmodzi mwa amene anagwira ntchitoyi ndi Dr. Samuel Kampondeni wa ku Malawi, dokotala wowerenga zithunzi za m'kati mwa thupi. Dokotala wa mtundu umenewu nthawi zambiri sachita opaleshoni. Amayang'ana chithunzi chimene makina ajambula n'kuuza anzake chimene chalakwika m'thupimo.

Makina amene amaona m'mutu

Ambiri timadziwa ekisire, imene inatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen ku Germany mu 1895. Ekisire imaonetsa bwino mafupa ndi mapapo, koma ubongo suoneka chifukwa ndi wofewa ndipo unabisika m'chigaza. Makina a MRI amagwira ntchito mosiyana. Ali ndi maginito wamkulu ndipo amatumiza mafunde ofanana ndi a wailesi. Madzi amene ali m'thupi amayankha mafundewo, kenako kompyuta imasandutsa mayankhowo kukhala chithunzi. Munthu amangogona m'makinamo osachekedwa paliponse, ndipo dokotala amaona ubongo gawo ndi gawo.

Makina oyamba a MRI m'Malawi anaikidwa pa Queen Elizabeth mu 2008, mothandizana ndi yunivesite ya Michigan State ya ku America komanso kampani ya General Electric. Pa nthawiyo dokotala wowerenga zithunzi m'dziko lonselo anali mmodzi, Dr. Kampondeni. Zithunzi za ana ankaziwerenga iye ku Blantyre, n'kuzitumizanso pa intaneti kwa mnzake Dr. Michael Potchen ku America, kuti anthu awiri aone chithunzi chimodzi.

Kafukufuku anayamba kale

Makinawa anapeza ntchito itayamba kale. Dr. Terrie Taylor wa ku America ndi malemu Prof. Malcolm Molyneux anayamba kufufuza za malungo a ana ku Blantyre mu 1986. Mu 1989 anafalitsa njira yoyezera kukula kwa chikomokere cha mwana: kodi akutsatira ndi maso, kodi akulira, kodi akuthawitsa dzanja akamutsina. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Score, ndipo zipatala za m'mayiko ambiri zimaigwiritsa ntchito mpaka lero.

Kenako, ndi chilolezo cha makolo, anapima matupi a ana omwalira. Zotsatira zinatuluka mu 2004. Mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi, koma si timene tinawapha. Ofufuzawo anaonanso kuti kuunika kumbuyo kwa diso la mwana kumathandiza kusiyanitsa, chifukwa malungo enieni a mu ubongo amasiya zizindikiro pa mitsempha ya m'diso. Komabe thupi la womwalira silikanawauza zimene zinkachitika mwana akupumabe. Mpake anafuna makina ojambula ana amoyo.

Zimene zithunzi zinaonetsa

Ofufuza anajambula ana 168 amene anali chikomokere ndiponso anali ndi zizindikiro za malungo m'maso. Mwa anawa, 25 anamwalira. Atayang'ana zithunzi za tsiku logonekedwa, anapeza kuti ana 21 mwa 25 omwalirawo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anachira, otupa chotero anali 39 okha. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu Malichi 2015 m'magazini ya madokotala yotchedwa New England Journal of Medicine, ndipo dzina la Dr. Kampondeni lili pamodzi ndi la Dr. Karl Seydel, Dr. Taylor ndi anzawo ena.

Kutupaku kumapha motere. Tizilombo ta malungo tikalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, ndipo ubongo umayamba kufufuma. Chigaza sichitanuka. Zili ngati nyemba zoviikidwa m'chikho chodzaza kale, zikafufuma zimasowa kopita. Ubongo umakankhikira pansi, n'kupanikiza kachigawo ka kunkhongo kamene kamalamula kupuma. Pamenepo mwana amasiya kupuma mtima ukugundabe.

Zithunzizo zinaonetsanso chinthu cholimbitsa mtima. Ana otupa ubongo amene anapulumuka atawajambulanso, kutupa kunali kukuphwa. Ndiye kuti vutoli limatha, bola mwana adutse masiku oopsawo akupuma. Chifukwa cha zimenezi, ofufuza ku Blantyre anayamba kuyesa njira ziwiri: kuthandiza mwana ndi makina opumira mpaka kutupa kutaphwa, ndi kumupatsa m'mitsempha madzi a mchere apadera amene amakoka madzi kuchoka mu ubongo. Izi zimachitika m'chipatala chachikulu mokha. Kumwetsa mwana madzi a mchere kunyumba sikuphwetsa ubongo, kungangomuvulaza.

Ntchito ya wasayansi imayesedwa bwanji

Wofufuza akamaliza ntchito amalemba zimene wapeza n'kutumiza ku magazini ya akatswiri. Asanasindikize, akatswiri ena amaunika kaye ngati njira zake zinali zolondola. Pambuyo pake anthu amawerenga kuti ndi ofufuza angati amene atchula ntchitoyo m'zolemba zawo. Mlimi amazidziwa izi: mbewu yabwino imadziwika anzako akamabwera kudzapempha kuti akabzale kwawo. Zolemba za ku Blantyre zatchulidwa ndi ofufuza a m'mayiko ambiri, ndipo njira ina yoyezera kutupa kwa ubongo pa chithunzi inapatsidwa dzina loti SamKam, kuchokera ku dzina la Sam Kampondeni.

Gulu lomweli linatsatanso ana amene anachira. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Dr. Gretchen Birbeck, amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu opulumuka anatsala ndi vuto, monga khunyu, kulumala kwa chiwalo kapena kusintha khalidwe. Choncho mwana amene anadwalapo malungo aakulu akayamba kugwa khunyu patapita miyezi, chiyambi chake chikhoza kukhala malungo aja, ndipo mankhwala a khunyu alipo kuchipatala.

Dziko lathu linathandizanso pa nkhondoyi. Mzinda wa Beira unali m'gulu la malo a m'mayiko 9 a mu Africa kumene anayesa mankhwala pa ana oposa 5,000 odwala malungo aakulu. Zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti jakisoni wa artesunate amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini, ndipo lero ndiye mankhwala oyamba pa malungo aakulu.

Phunziro kwa ife a kumalire

Makina a MRI sapezeka pa chipatala cha kumudzi, ndipo mwana wodwala malungo sasowa kujambulidwa kuti alandire mankhwala. Chimene zithunzi zija zatiphunzitsa ndi chakuti kutupa kwa ubongo kumapha. Malungo amene akanatha ndi mapiritsi a Coartem m'mawa akhoza kufika ku ubongo mawa lake.

Mwana akatentha thupi, mupite naye kwa APE wa m'mudzi mwanu kapena ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo kuti amuyeze magazi pachala. Musadikire kuti mumalize kupalira, kapena kuti lifike tsiku la msika. Akapatsidwa Coartem amalize masiku onse atatu, ngakhale atayamba kusewera.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: kukomoka kapena kuuma thupi, kugona osadzutsika, kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kupuma movutikira, ndi zikhatho kuyera. Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Mwana wokomoka mugonekeni cham'mbali, ndipo musamuthire phala, madzi kapena mankhwala azitsamba m'kamwa, chifukwa zimalowa m'mapapo. Ngati APE ali ndi mankhwala a artesunate oika kumbuyo, amathandiza mwana wamng'ono kupirira ulendo, koma ulendo wa kuchipatala ukhalepobe. Khadi la mwana muzilitenga nthawi zonse, kaya mukupita ku Ulóngue, ku Zóbuè kapena kutsidya kwa malire.

Neti imene munalandira ndi yogonamo banja usiku uliwonse, osati yotchingira dimba kapena anapiye. Mayi woyembekezera ndi ana osakwana zaka 5 ndiwo ayambe kulowamo.