Kanema adasintha kaphunzitsidwe pa sukulu ina ku America

M'chaka cha 2007, aphunzitsi awiri a phunziro la Chemistry pa sukulu ya sekondale ya Woodland Park m'chigawo cha Colorado ku America, a Jonathan Bergmann ndi a Aaron Sams, adayamba kujambula maphunziro awo pakompyuta ngati kanema. Cholinga chawo chidali kuthandiza ophunzira amene ankajomba kaamba ka maulendo ataliatali a zamasewero.

Posakhalitsa, ngakhale ana amene sadajombe adayamba kuonera makanemawo. Apa aphunzitsiwa adatembenuza ndondomeko: wophunzira aziyamba waonera phunziro kunyumba, ndipo nthawi ya m'kalasi ikhale yofunsa mafunso, kuthandizana pamene pavuta komanso kuchita zoyesayesa za sayansi. Njirayi imadziwika ndi dzina loti flipped classroom.

Ubwino wake waukulu ndi woti mwana wochedwa kumva amatha kuimitsa kanema n'kubwereza kangapo popanda manyazi, zomwe sizitheka mphunzitsi akamalankhula pabolodi. Komabe zonse zimasokonekera ngati mwanayo wafika m'kalasi asadaonere. Kwa ophunzira amene adalibe intaneti, aphunzitsiwa ankawaikira maphunzirowo pa DVD kapena pa flash, ngakhale kuti pakhomo popanda magetsi zimenezinso sizingathandize.